Ndalama za Ofesi Yoyang'anira Inshuwalansi: Amasunga Ndani, Amatulutsa Ndani?

M'mutu uno tikambirana za ndalama zimene ofesi ya boma imatolera kuchokera kwa anthu amene ofesiyo imawayang'anira. Maofesi otere alipo ambiri: ena amapereka ziphaso za malonda, ena amayeza masikelo, ena amayendera mafakitale. Onsewa amalandira ndalama pa ntchito yawo. Koma ambirife tikalipira ndi kulandira lisiti timangobwerera kunyumba osafunsa kuti ndalamazo zikadutsa pa windo la ofesi zimakagona kuti, ndipo ndani amene ali ndi mphamvu yolamula kuti zituluke.

Tasankha chitsanzo cha kutali, cha ofesi yoyang'anira inshuwalansi m'chigawo cha California ku United States. Tachisankha chifukwa malamulo a kumeneko pa nkhani imeneyi analembedwa momveka bwino, ndiponso chifukwa m'chaka cha 2000 kunabuka nkhani imene inaonetsa poyera zimene zimachitika malamulowo akazembedwa.

Kodi ofesi imeneyi imagwira ntchito yanji?

Tiyambe ndi inshuwalansi yeniyeniyo. Munthu amapereka ndalama pang'onopang'ono ku kampani, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Kampaniyo imalonjeza kuti nyumba yake ikapsa, galimoto yake ikachita ngozi, kapena iye akamwalira, idzalipira. Tione bwino apa. Wogula shuga amanyamula shuga wake nthawi yomweyo, koma wogula inshuwalansi amanyamula lonjezo chabe. Amadzadziwa ngati anagula chinthu chenicheni pa tsiku la tsoka, pamene alibe mphamvu zokanganirana ndi kampani. N'chifukwa chake maboma amakhazikitsa ofesi yoti iziona ngati makampani ali ndi chuma chokwanira kulipira zimene analonjeza, ndiponso ngati akulipiradi.

Ku United States ntchito imeneyi si ya boma lalikulu la ku Washington. Chigawo chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo chili ndi boma lake, nyumba ya malamulo yake, ndi ofesi yake ya inshuwalansi. Mu 1944 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma la ku Washington lili ndi mphamvu pa malonda a inshuwalansi, koma chaka chotsatira, mu 1945, aphungu anakhazikitsa lamulo lotchedwa McCarran-Ferguson Act limene linasiya ntchitoyi m'manja mwa zigawo.

Ofesi ya ku California inakhazikitsidwa mu 1868. Imatchedwa Dipatimenti ya Inshuwalansi, ndipo mkulu wake ndi Komishonala. Chigawochi chili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, ndipo dipatimentiyo, imene ili ndi antchito pafupifupi 1,400, imayang'anira makampani oposa 1,000 pamodzi ndi anthu oposa 400,000 amene ali ndi ziphaso zogulitsira inshuwalansi ndi kugwira ntchito zina zokhudzana nayo. Kale Komishonala ankasankhidwa ndi bwanamkubwa wa chigawo. Mu Novembala 1988 anthu, atatopa ndi kukwera mtengo kwa inshuwalansi ya galimoto, anavotera lamulo lotchedwa Proposition 103. Lamulo limeneli linati makampani asamakweze mitengo ya inshuwalansi ya galimoto, ya nyumba ndi ina yotero popanda chilolezo cha Komishonala, ndipo linatinso Komishonalayo azisankhidwa ndi anthu pa chisankho. Woyamba kusankhidwa motero anali a John Garamendi mu 1990. Zigawo zimene zimasankha mkulu wa inshuwalansi mwa voti zilipo 11 zokha.

Ndalama zake zimachokera kuti?

Pafupifupi ndalama zonse zoyendetsera dipatimentiyi sizichokera ku misonkho ya anthu onse. Zimachokera kwa omwewo amene dipatimenti imawayang'anira.

Munthu wofuna kugulitsa inshuwalansi amalipira kuti alembe mayeso, amalipira kuti alandire chiphaso, ndipo amalipiranso pa zaka ziwiri zilizonse kuti chiphasocho chipitirire. Kampani yofuna kuyamba malonda m'chigawocho imalipira. Ikamapereka mapepala ake ena ku dipatimenti imalipiranso. Antchito a dipatimenti akapita kukafufuza mabuku a kampani, kampaniyo ndiyo imabweza ndalama zimene kafukufukuyo wadya. Ntchito younika mitengo imene Proposition 103 inabweretsa nayonso imalipiridwa ndi makampani, chifukwa lamulo limalola dipatimenti kuwagawira mtolo umenewo.

Palinso ndalama zina zimene zimatoleredwa ndi cholinga chimodzi chokha, cholimbana ndi chinyengo. Pali anthu amene amagunditsa galimoto mwadala, kapena kunama kuti avulala, kuti adye ndalama za inshuwalansi. Pofuna kuthana ndi mchitidwe umenewu, lamulo limati kampani izipereka mpaka dola imodzi pa chaka pa galimoto iliyonse imene yaiika pa inshuwalansi, ndipo pali timasenti tina towonjezera pa ntchito zina zofanana nayo. Dola imodzi ikuoneka yochepa, koma magalimoto m'chigawochi alipo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndalama zimenezi dipatimenti siidya yokha. Lamulo linagawiratu kuti gawo lina likhale la nthambi yake yofufuza zachinyengo, gawo lina lipite kwa apolisi a pamsewu, ndipo gawo lalikulu lipite kwa oimira boma pa milandu m'maboma ang'onoang'ono a chigawocho, amene ndiwo amatengera achinyengowo ku khoti.

Tisanapitirire tifunse: kodi amene akulipira ndalama zonsezi ndi kampani? Pa pepala, inde. Koma kampani ilibe munda kumene imakolola ndalama. Zonse zimene imalipira ku boma imaziwerengera mu mtengo wa inshuwalansi. Tsono wolipira weniweni ndi mayi amene waika galimoto yake pa inshuwalansi kuti aziyendera ku ntchito, ndi bambo amene waika nyumba yake. Ndalama zimenezi ndi za anthu, ngakhale zimadzera m'manja mwa kampani.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wake. Amene akupindula ndi malonda a inshuwalansi ndiwo akulipira mlonda wa malondawo, ndipo ndalama za sukulu ndi zipatala sizikhudzidwa. Koma ili ndi choopsa chimene aliyense woweta galu angachimvetse. Galu amene amadyetsedwa ndi mlendo tsiku ndi tsiku amavutika kumuuwa mlendoyo usiku. Malamulo amene tifotokoze m'munsimu cholinga chake n'chakuti chakudya cha galu chisachoke m'dzanja la mlendo kupita m'kamwa mwa galu mwachindunji.

Ndalama zitatu zosiyana, matumba awiri

Lamulo la inshuwalansi la California, pa gawo 12975.7, limanena kuti ndalama zonse zimene Komishonala walandira monga zolipira pa ziphaso ndi pa ntchito za dipatimenti azitumiza kwa Msungichuma wa chigawo. Msungichumayo amazisunga mosungira chuma cha boma, m'thumba lapadera lotchedwa Insurance Fund, limene ife tilitcha Thumba la Inshuwalansi. Choncho Komishonala alibe buku la ku banki la iye yekha limene angatapemo mmene wafunira. Wolandira ndi wina, wosunga ndi wina. Msungichumayo nayenso amasankhidwa ndi anthu pa chisankho, ndipo si wantchito wa Komishonala.

Thumba lapadera limatanthauza kuti ndalama zake zili ndi ntchito imene lamulo linaitchula. Sizisakanizidwa ndi za m'Thumba Lalikulu la boma, limene kumeneko amalitcha General Fund, mmene mumalowa misonkho ndipo mumatuluka ndalama za sukulu, ndende ndi zipatala. Kwathu kuno Thumba Lalikulu loterolo ndi limene timalimva pa wailesi kuti Akaunti Nambala 1.

Ndalama zachiwiri ndi msonkho. Makampani a inshuwalansi ku California amakhoma msonkho pa ndalama zimene atolera kwa makasitomala awo. Pa mitundu yambiri ya inshuwalansi msonkhowu ndi madola 2 ndi masenti 35 pa madola 100 alionse, ndipo unalembedwa m'malamulo oyendetsera chigawocho. Dipatimenti imagwira nawo ntchito younika ngati makampani akhoma mokwanira, koma ndalamazo siziona. Zonse zimapita ku Thumba Lalikulu. Kusiyana kwake n'kwakukulu: m'zaka zoyambirira za m'ma 2020 msonkhowu unkabweretsa madola oposa 3 biliyoni pa chaka, pamene dipatimenti yonse inkayendera madola cha m'ma 300 miliyoni.

Ndalama zachitatu ndi chindapusa. Kampani ikapezeka kuti yaphwanya lamulo, Komishonala angathe kuilipiritsa chindapusa. Munthu angaganize kuti popeza dipatimenti ndiyo yagwira wolakwayo, ndalamazo zikhale zake. Lamulo lomwelo likukana. Likuti chindapusa chizipita ku Thumba Lalikulu, pokhapokha pamene lamulo lina latchula thumba lina.

Mfundo imeneyi tiiganizire pang'ono, chifukwa ndi yanzeru. Tiyerekeze kuti wapolisi wa pamsewu amaloledwa kusunga chindapusa chilichonse chimene walipiritsa. Zinthu ziwiri zingachitike. Angayambe kupeza milandu pamene palibe mlandu, chifukwa mlandu uliwonse ndi ndiwo za kunyumba kwake. Kapenanso angayambe kukambirana ndi olakwa enieni kuti ampatse theka pambali, nkhani ithere pomwepo. Njira ziwiri zonsezi zimaononga chilungamo. Woweruza sayenera kupindula ndi chigamulo chake. Ofesi imene ikudziwa kuti chindapusa sichidzalowa m'thumba lake imatsala ndi chifukwa chimodzi chokha cholangira kampani, ndicho chakuti kampaniyo yalakwa.

Ndani amene amatsegula thumba?

Ngakhale Thumba la Inshuwalansi lili ndi dzina la dipatimenti, dipatimentiyo siingatapemo popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Kupatula ndalama zobwezera amene analipira mopitirira, zotsala zonse zimagwira ntchito molingana ndi bajeti ya chaka chimenecho.

Chaka cha boma kumeneko chimayamba pa 1 Julayi ndi kutha pa 30 Juni. Pofika pa 10 Januwale bwanamkubwa amapereka ndondomeko ya chuma ku nyumba ya malamulo, ndipo m'ndondomekomo muli tsamba la Dipatimenti ya Inshuwalansi: antchito angati, malipiro angati, zingati zopita ku nthambi yomvera madandaulo a anthu, zingati zopita kwa oimira boma pa milandu. Nyumba ya malamulo ili ndi zipinda ziwiri, china cha aphungu 80 china cha aphungu 40. Makomiti a zipinda zonsezi amaitana akuluakulu a dipatimenti ndi kuwafunsa pa msonkhano umene aliyense angathe kukamvera. Aphungu ali ndi ofesi yawoyawo ya akatswiri a zachuma, imene inakhazikitsidwa mu 1941, yowathandiza kuunika ziwerengero za boma kuti asamangomeza zimene apatsidwa. Bajeti iyenera kuvomerezedwa pofika pa 15 Juni. Kuyambira pamene anthu anavotera lamulo lina mu 2010, aphungu akachedwa kuivomereza amataya malipiro awo a masiku onse amene achedwawo, ndipo sitikukayika kuti lamulo limeneli limawathandiza kudzuka m'mamawa.

Bajeti ikadutsa, wolemba macheke a boma ndi mkulu winanso, wotchedwa Controller, amenenso amasankhidwa ndi anthu. Pambuyo pake ofufuza mabuku a boma angathe kubwera kudzaona ngati ndalama zinapitadi kumene bajeti inanena. Tikawerenga, tapeza manja osiyana asanu: lolandira, losunga, lololeza, lolipira ndi lofufuza. Ndi njira yochedwa, ndipo antchito a boma kulikonse amadandaula nayo. Koma kuti ndalama zisowe pa njira yotere pafunika kuti anthu ambiri agwirizane kapena agone tulo nthawi imodzi.

Nanga Komishonala akaona kuti thumba likuperewera, angathe kungokweza mitengo ya ziphaso? Angathe, koma ali ndi malire. Gawo 12978 la lamulo lija limamulola kukweza kapena kutsitsa zolipirazo kuti zikwanire ndalama zimene aphungu avomereza mu bajeti, koma sangakweze kupitirira 10 pa 100 alionse popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Tione mmene zinthu zaimira apa. Bajeti ndiyo imatsogola, zolipira zimatsatira. Ofesi siiyamba yatolera zambiri kenaka n'kumafunafuna pozimwaza.

Palinso malire ena ochokera ku malamulo oyendetsera chigawo. Kuyambira mu 1978 msonkho watsopano ku California umafuna mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu, pamene zolipira pa ntchito ya boma sizifuna mavoti ochuluka chotero. Zikatero boma limayesedwa kubisa msonkho pouveka dzina la zolipira. Mu 2010 anthu anavotera Proposition 26, imene inati ndalama zimene ofesi yoyang'anira imalipiritsa zisapitirire mtengo woyenera wa ntchito imene ikugwira, ndipo zikapitirira ndiye kuti ndi msonkho. Pakabuka mlandu, boma ndilo liyenera kuonetsa kuti silinapitirize.

Tisaganize kuti thumba lapadera ndi lotetezeka kotheratu. M'zaka zimene chuma cha California chinavuta, boma linkabwereka ndalama m'matumba apadera osiyanasiyana kuti litseke mipata ya m'Thumba Lalikulu, n'kulonjeza kubweza m'tsogolo. Amene analipira ndalama zoti ziyendetse ntchito inayake amakhala ndi chifukwa chodandaulira zikatero. Komabe kubwereka koteroko kumalembedwa mu bajeti, ndipo wofuna kutsutsa amadziwa pofunsa. Zimene tifotokoze tsopano ndi za mtundu wina, chifukwa ndalama zake sizinalowe n'komwe m'buku la boma.

Chivomezi cha ku Northridge ndi thumba la kuseri

M'bandakucha wa pa 17 Januwale 1994 chivomezi chachikulu chinagwedeza dera la Northridge mu mzinda wa Los Angeles. Anthu osachepera 57 anafa, ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Makampani a inshuwalansi analipira madola oposa 12 biliyoni. Ngakhale zinali choncho, eni nyumba ambiri anadandaula kuti anapatsidwa ndalama zochepa kuposa zoonongeka, ndipo ena anadzapeza ming'alu ina pambuyo pake n'kuuzidwa kuti nthawi yodandaula inatha.

Kumapeto kwa chaka chomwecho anthu anasankha a Chuck Quackenbush kukhala Komishonala, ndipo anawasankhanso mu 1998. Pa nthawi yawo antchito a dipatimenti anafufuza mafailo a makampani anayi kuti aone mmene anachitira ndi anthu okhudzidwa ndi chivomezi. Malipoti awo anati m'mafailo ambiri munali zolakwika, monga kulipira mopereweza ndi kusawauza anthu zonse zimene anayenera kulandira. Makampaniwo anatsutsa zimenezi. Maloya a dipatimenti anawerengera kuti chindapusa chake chikanatha kupitirira madola 3 biliyoni.

Tikumbukire zimene lamulo limanena: chindapusa chimapita ku Thumba Lalikulu. Koma mu 1999 Komishonala ndi akuluakulu ake anagwirizana ndi makampani angapo, kuphatikizapo State Farm, Allstate ndi 20th Century, kuti nkhaniyo ithe popanda chindapusa chotero. M'malo mwake makampaniwo anapereka ndalama, zonse pamodzi madola pafupifupi 12 miliyoni, ku mabungwe amene anakhazikitsidwa kunja kwa boma, ndipo lalikulu mwa iwo linali California Research and Assistance Fund. Malipoti a kafukufuku aja anakhala achinsinsi.

Dzina la bungwelo linkalonjeza kafukufuku wa zivomezi ndi thandizo kwa ovutika. Koma popeza silinali la boma, ndalama zake sizinapite kwa Msungichuma, sizinalembedwe mu bajeti, ndipo palibe komiti ya aphungu imene inafunsidwa. Manja asanu aja anasanduka dzanja limodzi. Madola mamiliyoni angapo anapita ku mauthenga a pa wailesi ya kanema mmene munkaoneka nkhope ya Komishonala mwiniwake. Madola 500,000 anapita ku bungwe la Urban League la ku Sacramento, limene Komishonalayo anali mmodzi wa oliyang'anira. Madola 263,000 anapita ku bungwe lina lophunzitsa achinyamata mpira. Pamene nkhaniyi inkaululika, eni nyumba a ku Northridge anali asanalandire kanthu kuchokera m'thumba limenelo.

Mwina wina anganene kuti bungwe lothandiza osauka mu mzinda ndi labwino, ndipo kuphunzitsa ana masewera si tchimo. N'zoona. Koma funso si lakuti ndalama zinapita ku chinthu chabwino kapena choipa. Funso ndi lakuti ndani anasankha, ndipo anapatsidwa ndi yani mphamvu yosankhayo. Mkulu wa ofesi amene angathe kuuza kampani kuti, pereka kwa uje ndipo mlandu wako utha, wasandutsa mphamvu ya boma yolanga kukhala chuma chake chogawira amene wawakonda. Amene alandira amathokoza iyeyo osati anthu amene ndalamazo zinali zawo, ndipo pa chisankho chotsatira amakumbukira. Kampani nayo imaphunzira kuti chilango chili ndi mtengo wokambirana. Timati mbuzi imadya pamene yamangiriridwa, ndipo apa mbuzi inadzisankhira yokha pomangirira chingwe.

Nkhaniyi inatulukira chifukwa cha anthu amene anagwira ntchito yawo. Kumayambiriro kwa chaka cha 2000 nyuzipepala ya Los Angeles Times inayamba kulemba za mabungwewo, ndipo mtolankhani amene anatsogolera anali mayi Virginia Ellis. Makomiti a inshuwalansi a zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo anayamba kuitana mboni. Malipoti achinsinsi aja anafika kwa aphungu kudzera mwa loya wina wa m'dipatimenti momwemo, mayi Cindy Ossias, amene anagwira nawo ntchito ya kafukufukuyo. Zitadziwika kuti ndi iwo anaimitsidwa pa ntchito, koma anakaima pamaso pa komiti n'kufotokoza zimene ankadziwa. Pambuyo pake anabwezeredwa pa ntchito yawo.

Pa 28 Juni 2000, kutatsala tsiku limodzi kuti akayankhe mafunso a komiti atalumbira, ndipo aphungu atayamba kukamba zowachotsa pa udindo, a Quackenbush analengeza kuti atula pansi udindo. Anachoka pa 10 Julayi. Iwo sanazengedwe mlandu m'khoti. Mmodzi wa achiwiri awo, a George Grays, amene ankayendetsa zambiri za bungwe lija, anavomera m'khoti kuti analandira ndalama za chiphuphu kuchokera pa zimene zinaperekedwa ku bungwe la mpira lija. Bwanamkubwa Gray Davis anasankha a Harry Low, amene kale anali woweruza milandu, kuti amalize nthawi yotsalayo.

Pokambirana mutu uno m'magulu mwathu, tingadzifunse kuti pa anthu onsewa, mtolankhani, loya wa m'ofesi ndi aphungu a komiti, akanasowapo mmodzi nkhaniyi ikanadziwika kapena ayi. Tingafunsenso kuti pa maofesi amene ife timalipirako ndalama, kodi tikudziwa thumba limene ndalamazo zimalowa?

Zimene aphungu anachita pambuyo pake

M'chaka chomwecho cha 2000 nyumba ya malamulo inatseka khomo limene linagwiritsidwa ntchito. Lamulo la inshuwalansi linasinthidwa kuti pothetsa mlandu ndi kampani mwa mgwirizano, Komishonala asavomere kuti kampaniyo ipereke ndalama ku bungwe la kunja kwa boma, pokhapokha ngati lamulo lenilenilo laloleza. Chindapusa ndi zolipira zonse ziyenera kudzera kwa Komishonala kupita ku thumba la boma loyenera, monga gawo 12975.7 linenera. Lamulo linaletsanso kuti mgwirizano wotero ukhale njira yoikira dzina, nkhope kapena mau a Komishonala pa mauthenga opita kwa anthu. Antchito ake angathe kukambirana ndi kampani, koma kuvomereza mgwirizanowo ndi udindo wa Komishonala mwiniwake, kuti pasadzakhale kuloza wina chala zinthu zikavuta.

Eni nyumba a ku Northridge nawo anakumbukiridwa. Aphungu anakhazikitsa lamulo lapadera limene linawapatsa chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Januwale 2001, choti atsegulenso madandaulo awo ndi kusumira makampani ngakhale nthawi yosumira inali itadutsa. Lamulolo silinakhudze amene milandu yawo inali itagamulidwa kale m'khoti, kapena amene anasainira mgwirizano ali ndi loya wawo. Makampani ena analitsutsa m'makhoti, koma makhoti a ku California analisiya kuti ligwire ntchito, ndipo eni nyumba ambiri anakasuma chaka chimenecho chisanathe, patapita zaka zisanu ndi ziwiri chichitikire chivomezicho.